Penti isakupusitseni, Formula 1 ya 2026 yagona mu batire

Kumayambiriro kwa chaka chilichonse, matimu a Formula 1 amayamba kuvundukula magalimoto awo atsopano, ife n'kuyamba kukangana za penti. Chaka chino cha 2026 mkangano unakula chifukwa kwabwera alendo awiri. Audi, imene yatenga timu ya Sauber, yavala siliva, zakuda ndi zofiira. Cadillac, timu ya nambala 11, inaonetsa mitundu yake pa malonda a pa TV mkati mwa masewera a Super Bowl ku America. Pa gulu lathu la WhatsApp anthu anachezera kutumizirana zithunzi, uyu ati Ferrari yachulutsa zoyera, uyo ati buluu wa Red Bull ndiye wabwera bwino. Ine ndinangoti duu. Zambiri zimene amaonetsa tsiku lovundukula si galimoto yeniyeni ayi. Pena ndi chithunzi cha pakompyuta, pena ndi chigoba chongopenta, ndipo mbali zimene zawasowetsa tulo mainjiniya amazibisa dala kuopa kuti anzawo angakopere.

Ine ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto, ku Biwi mu Lilongwe muno. Masiku ano pagalaja pathu sipasowa Aqua, Fit kapena Prius, mwiniwake ataima pambali nkhope ili yakugwa chifukwa nyali ya hybrid yayaka pa dashibodi. Ndiye bungwe la FIA, limene limayang'anira mipikisanoyi, litatulutsa malamulo a 2026 mu Juni 2024, sindinayambire ku mapiko kapena ku matayala. Ndinathamangira ku batire, ndipo mpaka lero ndikuona kuti china chilichonse chimene chasintha pa galimotozi chikuchokera pamenepo.

Injini ikadali yomwe ija ya malita 1.6, masilinda 6, ya turbo, imene inayamba mu 2014. Chimene chasintha ndi kagawidwe ka ntchito. Mpaka 2025 injini ya petulo inkatulutsa makilowati pafupifupi 550, mota ya magetsi n'kumangoonjezerapo 120. Tsopano ya petulo aitsitsa kufika cha m'ma 400, ya magetsi aikweza kufika pa 350. Mukaphatikiza, mphamvu yake sinapite patali ndi ya kale, n'chifukwa chake a FIA amalankhula monyadira kuti pafupifupi theka ndi petulo, theka ndi magetsi.

Koma tengani foni yanu muwerengere nokha. Malamulo akuti kuchokera pamene batire yadzaza kufika pamene yatsikitsitsa, mphamvu yogwiritsa ntchito isapitirire ma megajoule 4. Amenewo ndi ma kilojoule 4,000, ndipo mota ya makilowati 350 imadya ma kilojoule 350 pa sekondi, ndiye gawani 4,000 ndi 350. Yankho lake ndi masekondi 11 ndi kachidutswa. Ndiye kuti dalaivala akaponda moto mpaka pansi, mota n'kumakoka mphamvu yake yonse, pakatha masekondi 11 batire yauma, watsala ndi injini ya petulo yokha, yomwenso aichepetsa mphamvu. Pa njira ya mpikisano ya ku Baku pali chigawo cha msewu chotalika makilomita oposa 2 chimene amachidutsa phazi lili pansi. Ku Monza, ku Spa ndi ku Jeddah nakonso phazi silichoka pansi kawirikawiri. Masekondi 11 amenewo ayenera kuwagawa mosamala kuti afike nawo kumapeto.

Kuti mumvetse kuchepa kwake, ma megajoule 4 ndi kilowatt-hour imodzi ndi pang'ono. Batire ya Aqua yakale ija, imene imakhala pansi pa mpando wakumbuyo, ili ndi timamodulo 20, mavoti 144, ndipo imasunga pafupifupi kilowatt-hour imodzi. Mota imene imaidyetsa ndi ya makilowati 45. Galimoto ya Formula 1 ikugwiritsa ntchito mphamvu yochuluka ngati yomweyo, koma ikudyetsa mota yaikulu pafupifupi maulendo 8. Ndipo aliyense amene anatsegulapo batire ya Aqua akudziwa chimene chimaipha. Ukachotsa kachivundikiro ka pansi pa mpando umapeza fani yadzaza fumbi la Lilongwe, tsitsi, nyenyeswa za chiponde, mpaka mapiko ake osaoneka. Mpweya ukasiya kulowa, timamodulo ta pakati timayamba kutentha, kamodzi n'kufooka, kenako kompyuta imaona kuti mavoti asiyana n'kuyatsa nyali. Batire siikonda kutentha, ndipo chimene chimaitenthetsa kwambiri ndi kuidzaza mofulumira ndi kuikhuthula mofulumira. Ya Formula 1 ikhala ikuchita zimenezo kangapo pa ulendo umodzi wozungulira, kwa ola ndi theka. Mukaona magalimoto a chaka chino akusiyana m'mbalimu, ina yotsegula kukamwa kwakukulu, ina yofinyika, ina ili ndi chibowo chachikulu pamwamba pa mutu wa dalaivala, musaganize kuti ndi zokongoletsa. Timu iliyonse ikuyankha funso loti kutenthaku kutulukire kuti popanda kuononga kayendedwe ka mphepo.

Nanga magetsiwo achokera kuti? Apa ndiye pali mutu waukulu. Kuyambira 2014 injinizi zinali ndi mota ziwiri. Ina, yotchedwa MGU-K, imakolola mphamvu galimoto ikamamanga mabuleki, monga momwe Prius imachitira ikamatsika mtsetse. Inayo, MGU-H, inali pa turbo, ndipo inkakolola mphamvu kuchokera ku utsi wa ekizozi nthawi yonse imene phazi lili pa moto. Inali yanzeru kwambiri, komanso yodula ndi yovuta kupanga. Honda inazunzika nayo zaka zingapo itabwerera ndi McLaren mu 2015. Makampani atsopano sakanalowa mpikisano umene anzawo anayamba kale zaka 10 zapitazo pa chipangizo chimene sichipezeka m'magalimoto wamba, ndiye kuti Audi ibwere, MGU-H inachotsedwa. Yatsala MGU-K yokha, ndipo iyo imakolola pa matayala akumbuyo basi.

Malamulo amalola kukolola ma megajoule pafupifupi 8.5 pa ulendo umodzi. Kulola ndi kwina, kuwapeza ndi kwina. Galimoto ya Formula 1 imamanga mabuleki kwa kanthawi kochepa zedi, ndipo pa njira zina malo omangira mabuleki ndi owerengeka. Chotsatira chake n'chakuti madalaivala ayenera kusaka magetsi mwa njira zina. Achotsa phazi pa moto msanga asanafike pa kona. Atsitsa magiya kuposa mmene konayo ikufunira kuti injini ilire pamwamba, izitchaja batire. Pena kumapeto kwa msewu woongoka, phazi lili pansi ndithu, kompyuta iziba mphamvu ya injini n'kumaipititsa ku batire, liwiro n'kumatsika. Pa mayeso a ku Bahrain mu Febuluwale tinaona madalaivala akulowa giya yoyamba m'makona amene kale ankadutsa ndi yachiwiri kapena yachitatu, kumbuyo kwa galimoto kukugwedezeka.

Mapiko osuntha amene aliyense akuwakamba ndi mwana wa vuto lomweli. Mapiko a galimoto ya mpikisano amaikanikizira pansi kuti igwire msewu m'makona, koma pa msewu woongoka amakhala katundu chifukwa amatchinga mphepo. Ndi injini yofooka ndi batire youma msanga, galimoto yokhala ndi mapiko akale ikanamachita manyazi pa msewu woongoka. Ndiye anakonza zoti mapiko onse, akutsogolo ndi akumbuyo, azitseguka. M'makona amatsekeka, pa zigawo zoongoka zimene FIA yasankha amagona chafulati kuti mphepo ingodutsa. Aliyense ali ndi ufulu wowatsegula, kaya ali patsogolo kaya ali pambuyo, ulendo uliwonse.

Izi zikutanthauza kuti DRS yapita. Inabwera mu 2011, ndipo inkalola amene ali pambuyo, ngati watsala ndi sekondi imodzi kapena kucheperapo, kutsegula phiko lakumbuyo kuti apitirire mnzake. Ine sindiilira maliro. Inathandiza, inde, koma nthawi zambiri kupitirirako kunkakhala kopanda mchere, wapatsogolo akungoyang'ana pagalasi mnzake akudutsa pakati pa msewu woongoka, kona isanafike n'komwe. M'malo mwake mwabwera chimene akuchitcha Overtake Mode. Lamulo la sekondi imodzi likadalipo, koma mphotho yake tsopano ndi magetsi. Galimoto ikafika liwiro la makilomita 290 pa ola, mphamvu ya mota imayamba kutsika pang'onopang'ono mpaka kutheratu. Wothamangitsa mnzake amaloledwa kusunga makilowati onse 350 mpaka pa 337, n'kupatsidwanso theka la megajoule loonjezera.

Chimene ndikuchikonda apa n'chakuti mphatsoyi ili ndi ngongole. DRS inali yaulere, ukatsegula watsegula. Magetsi ukawamwaza pano, kutsogoloko uwasowa. Munthu atha kupitirira mnzake pa kona yoyamba batire n'kuuma, mnzakeyo amene anasunga n'kumubwezera pa msewu wotsatira. Wanzeru azinamizira kuukira kuti wapatsogolo awononge batire podziteteza, kenako n'kudzamukantha pamalo pamene alibe chobwezera. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kusiyana kwa liwiro. Wina ali ndi makilowati 750, mnzake kutsogolo batire yamuthera mwadzidzidzi watsala ndi 400, onse ali pa liwiro la makilomita 300 pa ola. Pamenepo pafunika maso.

Za kukula kwa galimoto sindichedwapo. Mtunda wa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo watsika kuchoka pa mamita 3.6 kufika pa 3.4, m'lifupi kuchoka pa mamita 2 kufika pa 1.9. Matayala akadali a marimu a mainchesi 18 koma awachepetsa, akutsogolo ndi mamilimita 25, akumbuyo ndi 30. Kulemera kochepetsetsa kololedwa, pamodzi ndi dalaivala koma popanda mafuta, kwatsika kuchoka pa makilogalamu 800 kufika pa 768. Ndi zabwino, koma tisaombe m'manja kwambiri. Mu 2008 galimotozi zinkalemera 605. Kulemera kwina n'kofunika ndithu. Amene anaona Romain Grosjean akutuluka m'moto ku Bahrain mu 2020, kapena Zhou Guanyu akukhwekhwereka chadodolido ku Silverstone mu 2022, sangadandaule ndi chitsulo choteteza mutu, ndipo chaka chino chotchinga cha kumbuyo kwa mutu achilimbitsanso. Kwinako ndi batire ndi mawaya ake.

Pansi pa galimoto napo pasintha. Malamulo a 2022 anabweretsa ngalande zikuluzikulu kunsi, zoyamwa galimoto kuti imatirire pamsewu. Zinagwira ntchito, koma galimoto zinayamba kudumphadumpha pa liwiro lalikulu, ndipo sindiiwala Lewis Hamilton akutsika movutikira ku Baku chaka chimenecho atagwira msana. Matimu ankayenera kuiika galimoto pansi kwambiri, masipuling'i ali gwa. Tsopano ngalandezo zachotsedwa, pansi pabwerera kukhala pafulati. Galimoto izitsetsereka kwambiri m'makona, ndipo kwa ife oonera zimenezo si zoipa.

Mafuta ndiye mbali imene anthu akuidumpha, pamene ine ndikuona kuti ikhoza kupambanitsa kapena kugwetsa timu. Kuyambira 2022 ankathira petulo wosakaniza ndi ethanol, magawo 10 pa 100 alionse. Kwa ife zimenezo si zachilendo, poti kuno takhala tikusakaniza ethanol wa ku Dwangwa mu petulo kuyambira 1982. Chaka chino apita patali. Mafuta onse asachokere pansi pa nthaka. Apangidwe kuchokera ku zinyalala, ku zotsalira za zomera zosadyedwa, kapena ku mpweya wa carbon wogwidwa. Ndipo sakuyezanso makilogalamu a mafuta olowa mu injini pa ola ngati kale, akuyeza mphamvu imene ili m'mafutamo, malire ake ma megajoule 3,000 pa ola. Kampani imene yapanga mafuta okhala ndi mphamvu yambiri pa kilogalamu yaipatsa timu yake mwayi wonyamuka ndi thanki yopepuka. Petronas ili ndi Mercedes, Shell ili ndi Ferrari, Aramco ili ndi Aston Martin, ExxonMobil ili ndi Red Bull. Mpikisano umenewo sitidzauona pa TV.

Mnzanga wina wowotcherera zitsulo pafupi ndi galaja yathu amati malamulo atsopano ndi abwino chifukwa onse ayambira pamodzi. Ndimamuuza kuti mbiri ikukana. Malamulo akasintha kwambiri, kawirikawiri pamapezeka mmodzi amene wawerenga bwino kuposa anzake n'kuthawa. Mu 2009 timu ya Brawn, imene inatsala pang'ono kutsekedwa Honda itachoka, inapeza kampata m'malamulo a kumbuyo kwa galimoto, Jenson Button n'kupambana mipikisano 6 mwa 7 yoyambirira. Mu 2014 Mercedes inabwera ndi injini imene anzake sanaifike, ndipo inatenga chikho cha matimu zaka 8 zotsatizana. Malamulo a 2022 anakomera Red Bull, mpaka mu 2023 inapambana mipikisano 21 mwa 22. Chimene chimapweteka n'chakuti malamulo amasinthidwa nthawi imene matimu ayandikirana. Mu 2025 Lando Norris wa McLaren anatenga chikho pomuposa Max Verstappen wa Red Bull ndi mapointi awiri okha, nkhani inathera pa mpikisano womaliza ku Abu Dhabi. Ndiye zonsezo tazitaya, tikuyambanso.

Kampata ka chaka chino kanayamba kununkha mpikisano usanayambe. Malamulo atsitsa kompureshoni ya injini, kutanthauza mmene pisitoni imafinyira mpweya ndi mafuta, kuchoka pa 18:1 kufika pa 16:1, ndipo kuyeza kwake poyamba kunalembedwa kuti kuzichitika injini ili yozizira. Makaniko aliyense akudziwa kuti chitsulo chikatentha chimafutukuka. Manong'onong'o anamveka akuti Mercedes yapanga zida zake mwanjira yoti injini ikatentha kompureshoni izikwera kupitirira malire, koma poyeza izikhala bwinobwino. A Mercedes akuti injini yawo ndi yovomerezeka, opanga injini ena anakadandaula ku FIA. Ine mlanduwu umandiseketsa, chifukwa ndi nzeru ya pagalaja yeniyeni, kungoti yavala suti. Ngati injiniyo ilidi patsogolo, opindula ndi matimu anayi: Mercedes yeniyeniyo, McLaren, Williams, ndi Alpine imene yasiya injini za Renault.

Kwinaku aliyense wakwatira kwatsopano. Red Bull kwa nthawi yoyamba ikupanga injini yakeyake ku Milton Keynes mothandizana ndi Ford. Honda yasamukira ku Aston Martin, kumene kuli Adrian Newey, munthu amene magalimoto ojambula iye anapambana zikho ku Williams, ku McLaren ndi ku Red Bull. Anthu ambiri akuyembekezera zozizwitsa kumeneko, koma pa mayeso galimoto yawo inafika mochedwa ku Barcelona ndipo ku Bahrain inakhalitsa m'galaja. Newey angajambule thupi lokongola bwanji, chaka chino thupi silingabise injini yosakolola magetsi mokwanira. Williams ku Barcelona sinapite n'komwe. Audi ikupanga injini ku Neuburg ku Germany, thupi ku Hinwil ku Switzerland, madalaivala ndi Nico Hülkenberg ndi Gabriel Bortoleto. Cadillac yachita mwanzeru, yagula injini ku Ferrari n'kutenga akuluakulu awiri odziwa njira, Sergio Pérez ndi Valtteri Bottas. Ndi timu yoyamba kuyambira pansi chilowereni Haas mu 2016, ndipo ikamamaliza mipikisano osatsalira kwambiri, imeneyo ndi ntchito yotamandika kale.

Verstappen sanabise mawu ku Bahrain. Ananena kuti galimotozi sizikoma kuyendetsa, n'kuzifanizira ndi za Formula E, mpikisano wa magalimoto a magetsi okhaokha kumene kusunga batire ndiye luso lalikulu. Ndikumumvetsa. Munthu amene mphatso yake ndi kuchedwa kumanga buleki kuposa wina aliyense, ukamuuza kuti achotse phazi msanga kuti atchaje batire, wamulanda mkondo. Pa tsiku lopikisana kuti ayambire patsogolo ndani, ine ndimafuna kuona munthu akupereka zonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osati akuwerengera ma megajoule.

Koma sindigwirizana ndi amene akuti kusunga mphamvu si Formula 1. M'zaka za m'ma 1980, nthawi ya ma turbo oyamba aja, malamulo ankachepetsa mafuta: malita 220 mu 1984, 195 mu 1986, 150 mu 1988, osathiranso panjira. Dalaivala ankakweza ndi kutsitsa mphamvu ya turbo ndi dzanja, diso lili pa geji. Alain Prost, amene ankadziwika ndi kuwerengera, mafuta anamuthera pa ulendo womaliza ku Hockenheim mu 1986, anatsika n'kuyamba kukankha galimoto yake. Anthu lero amati imeneyo ndiyo inali nyengo ya amuna enieni. Kusiyana kwake n'kwakuti nthawi imeneyo zisankho zinali m'mutu mwa dalaivala. Lero mbali yaikulu ili m'manja mwa kompyuta ndi mainjiniya amene anaikonzeratu. Ngati malamulowa angabweze zisankhozo ku chala cha dalaivala pa chiwongolero, ndiwalandira. Ngati azingomvera mawu a m'khutu akuti chotsa phazi apa, ponda apa, ndiye Verstappen akhala kuti ananena zoona.

Ndipo a TV atithandize. Ife oonera pa SuperSport tikaona galimoto ikupitirira inzake mosavuta, tiyenera kudziwa ngati ndi luso, matayala, kapena batire yauma. Popanda kachizindikiro koonetsa magetsi a aliyense, tizingokangana mumdima.

Ndikulemba izi mpikisano woyamba usanachitike, wa ku Melbourne Lamlungu pa 8 Malichi 2026, 6 koloko m'mawa nthawi ya kuno. Amene mumapita ku tchalitchi cha m'mawa konzani bwino, chifukwa mbali yofunika kuiona ndi masekondi oyambirira. MGU-H ija inkagwiranso ntchito ina, yozunguza turbo kuti ikhale yokonzeka nthawi zonse. Popanda iyo, dalaivala ayenera kuliza injini kwa masekondi angapo galimoto ili chiimire kuti turbo idzuke, ndipo mota ya magetsi siiloledwa kuthandiza mpaka liwiro litafika makilomita 50 pa ola. Akaphonya pang'ono, injini ifooka kapena matayala azungulira pamalo amodzi, magalimoto ena 21 akumudutsa mbali zonse. Pa gulu lathu ambiri aika Mercedes ndi dalaivala wake George Russell patsogolo. Ine pa chikho ndikugwirizana nawo, koma pa kona yoyamba ya ku Albert Park, njira ya ku Melbourne ija, ndaika Ferrari, ndipo wowotcherera uja tabetcherana mbale ya kanyenya.